Chitseko Chagalasi Choyenda pa Njanji Chikavuta: Mafunso ndi Mayankho

Nyumba zambiri zatsopano ku Area 49, ku Chileka ngakhale ku Mzuzu zili ndi khomo lalikulu lagalasi lotulukira pakhonde, lija tonse timangoti sliding door. Chitsekocho chikakhala chatsopano, mwana amachikankha ndi chala chimodzi. Pakangotha zaka ziwiri mupeza bambo a m'nyumba akuchikoka ndi manja onse awiri, phazi ataponda pafelemu, chikulira ngati ngolo yopanda gilisi. Ndimakonza zitseko ndi mawindo a aluminiyamu, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni nyumba amandifunsa kawirikawiri ndisanatsitse n'komwe chikwama cha zida.

Amisiri, chitseko changa chalimba, chikufuna mphamvu. Chalakwika n'chiyani?

Yambani mwagwada n'kuyang'ana pansi. Chitseko chonsecho chimakhala pa timawilo tiwiri tobisika m'felemu ya m'munsi, kamodzi kumapeto uku, kena kumapeto uko. Timawiloti timayenda pa kamzere kotukuka ka aluminiyamu kamene kali pakati pa ngalande. Kamzere kameneka ndiko timati njanji.

Katundu amene timawiloti timasenza si wamasewera. Galasi limalemera makilogalamu 2.5 pa sikweya mita imodzi pa milimita iliyonse ya kuchindikala kwake. Pa khomo la mamilimita 1800 m'lifupi ndi 2100 m'litali, mbali yoyendayo ikakhala ndi galasi la mamilimita 5, galasi lokhalo limaposa makilogalamu 20, felemu tisanaiwerengere. Khomo likakula, kulemera kumafika theka la thumba la simenti n'kupitirira. Ndiye taganizirani kamchenga kakalowa pakati pa wilo ndi njanji.

Mchengawo umabwera ndi tsache. M'mawa uliwonse timasesa kuchokera pabalaza kulowera kukhomo, zinyalala n'kutulukira pakhonde. Pa chitseko chathabwa palibe vuto. Apa pali ngalande yopingasa khomo lonse, ndipo zonse zolemera zimagweramo: mchenga, timiyala, mpunga, tsitsi, ulusi wa chikolopa. Kenako pobwera wokolopa, madzi asopo amalowamo n'kuumba matope, amene akauma amalimba ngati njerwa. Onjezanipo fumbi la mu Okutobala. Pa zitseko khumi zimene ndimaitanidwira, zambiri matenda ake amakhala amenewa, ndipo mwini wake akanatha kuchiza yekha ndi mswachi wakale.

Ndiye ndiyeretse bwanji?

Kankhirani chitseko mbali imodzi. Tengani screwdriver yaphwatalala, mukulunge kansalu kumapeto kwake kuti isakande, mutokose matope a m'makona. Sesani ndi kaburashi kopentera kouma, kapena muyamwe ndi makina oyamwa fumbi ngati muli nawo. Kenako madzi ofunda, sopo wotsukira mbale pang'ono, ndi mswachi. Tsukani mbali zonse za njanji, mupukute mpaka iume. Mukatero kankhirani chitseko mbali inayo n'kubwereza. Chiyendetseni kangapo, mudzaona mzere wakuda ukutsalira pa njanji. Litsiro limenelo likuchoka ku mawilo. Pukutani, yendetsaninso, mpaka mzerewo usiye kuoneka.

Yang'ananinso ngalande ya pamwamba. Mavu amakonda kuumba tinyumba tawo tadothi m'menemo.

Ndipo auzeni osesa kuti aziwolera zinyalala mkati momwemo, asanafike pakhomo.

Ndithire mafuta anji kuti chiziterera?

Funso ili ndi limene limandidyetsa, chifukwa anthu amafunsa atathira kale. Ndinaitanidwa kunyumba ina kumene mlonda, pofuna kuthandiza abwana ake, anathira oyilo wakuda wochoka mu injini ya galimoto m'ngalande yonse. Sabata yoyamba chitseko chinkauluka. Mwezi usanathe oyilo uja anali atagwira fumbi lonse la pamsewu n'kusanduka phala lokhakhala, lokhala ngati mankhwala onolera mpeni, ndipo linadya mawilo mpaka kutsala zitsulo zokha. Makatani oyera a mayi a m'nyumba anali ndi mkawo wakuda m'munsi monse. Ena amathira mafuta ophikira, amene amanata komanso kuitana nyerere. Ena gilisi, ena polishi wa pansi.

Wilo liyenera kugudubuzika pa njanji, osati kutsetsereka. Mukaterereza njanji, wilo lolimba limangokhukhuluzika osazungulira, mbali imodzi n'kuphwa. Choncho njanji izikhala youma ndi yoyera. Mafuta amafunika mkati mwa wilo, pa bearing, pamene pali timipira tothandiza wilo kuzungulira, ndipo oyenera ndi opopera a silikoni, chifukwa akauma sagwira fumbi. Mafuta opopera a WD-40 ndi Q20 ndi abwino pomasula screw yogwidwa ndi dzimbiri kapena posungunula gilisi wakale, koma mukamaliza pukutani zonse.

Ndatsuka koma chikukhula pansi, ndipo ndikatseka pamwamba pakutsala mpata.

Chitseko chapendekeka, kapena chatsika. Mawilo ali ndi screw yowakwezera ndi kuwatsitsira. Yang'anani m'mphepete mwa chitseko, kumunsi kwenikweni. Mupeza kabowo, nthawi zina kotsekedwa ndi kapulasitiki. Pa zitseko zambiri pamakhala ma screw awiri: yam'mwamba ndi yomanga kona ya felemu, imeneyo isiyeni, yam'munsi ndiyo ya wilo. Kawirikawiri mukapotoza kulowera kumanja chitseko chimakwera, kumanzere chimatsika, koma zilipo zina zosemphana, ndiye potozani pang'ono n'kuona chimene chachitika.

Musamapotoze chitseko chitakhalira wilolo, mungadye mutu wa screw. Mnzanu anyamule kona imeneyo pang'ono, kapena mupanikize kathabwa pansi pake.

Kuti mudziwe ngati chawongoka, chitsekeni n'kusiya kampata kolowa chala. Imani chapatali muone kuwala kumene kukudutsa pakati pa chitseko ndi felemu. Mpatawo ukhale wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ukakula pamwamba, kwezani wilo lakutali ndi loko. Ukakula pansi, kwezani la kufupi ndi loko. Theka la kupotoza nthawi imodzi, kenako kuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndingadziwe bwanji kuti mawilo atheratu?

Khutu limakuuzani. Chitseko chikamati gu, gu, gu motsatizana poyenda, wilo laphwa mbali imodzi. Chikamalira ngati chikupera mchenga, timipira ta mu bearing tachita dzimbiri kapena tatayika. Mukamapotoza screw koma chitseko osakwera, kabokosi ka wilo kathyoka. Chizindikiro china ndi ufa wotuwa wa aluminiyamu m'ngalande: felemu yayamba kudya njanji, ndipo apa musachedwe, chifukwa mawilo ndi otsika mtengo kuyerekeza ndi njanji.

Ndingasinthe ndekha?

Mungathe ngati muli awiri ndipo manja anu anazolowera zida. Nokhanokha ayi.

Yalani bulangeti pansi. Tsitsani chitseko pobweza mawilo onse mkati mpaka screw itafika pamapeto, kuti pamwamba papezeke danga. Ngati m'ngalande ya pamwamba muli timapulasitiki kapena ma screw oletsa chitseko kunyamuka, chotsani. Kankhirani chitseko pakati, aliyense agwire mbali yake, munyamulire m'mwamba n'kukokera kumunsi kwake kwa inu. Mawilo akakodwa pa njanji, akankhireni m'mwamba ndi chitsulo chopyapyala. Pa zitseko zina muyenera kuyamba mwachotsa mbali yosayendayo. Mukaona kuti chikukana, musachikakamize, pali chimene simunamasule.

Chinyamuleni chili choimirira, ndipo kona yake isagunde simenti. Chigonekeni chammbali pa bulangeti. Masulani screw ya pakona, wilo lituluka. Pena zimafunika kugogoda felemu ya m'munsi ndi kathabwa kuti ivuke pagalasi, ndipo apa m'pamene ambiri amaswera galasi. Mukafika pamenepa mtima n'kukayika, itanani mmisiri.

Wilo lakalelo litengeni m'thumba popita kuhadiweya kapena kwa opanga mafelemu a aluminiyamu. Mitundu yake ndi yambirimbiri, ndipo zitseko zochokera ku South Africa, ku China ndi zopangidwa konkuno sizigwirizana mawilo. Chithunzi cha pafoni chimanamiza, kusiyana kwa mamilimita awiri sikuoneka. Gulani awiri, musinthe onse, ngakhale linalo likuoneka lamoyo.

A nayiloni kapena achitsulo? Achitsulo amapirira kulemera, koma amalira ndipo pakapita nthawi amadya njanji ya aluminiyamu, imene ndi yofewa. A nayiloni amayenda mwakachetechete, ndipo amatha iwowo njanji n'kutsala. Pa chitseko cha nyumba wamba ine ndimasankha a nayiloni okhala ndi bearing. Kunyanja, ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay, kumene chinyontho sichichoka, funsani okhala ndi chitsulo chosachita dzimbiri.

Njanji yaphwanyika pamene anadutsitsa wilibala. Ndigule chitseko china?

Ayi. Ikapindika pang'ono, ikani timatabwa tiwiri uku ndi uku, muwongole ndi pulayazi mosamala. Pamene patupa, salazani ndi tupa kenako sandipepa. Ikadyeka kwambiri moti wilo likumira, pali kachitsulo kosachita dzimbiri kokhala ngati chipewa chachitali, kamene amakaveka pamwamba pa njanji yakaleyo. Sikapezeka m'sitolo iliyonse, koma opanga zitsekozi amakadziwa. Kusintha felemu yonse ya pansi ndiye ntchito yogumula matailosi.

Tsiku losamuka kapena lolowetsa firiji, yalani thabwa mbali zonse za ngalande kuti katundu adutse pamwamba.

Chikumatuluka m'njanji chokha.

Mwina pali kamwala, mwina wilo lathyoka, mwina chitseko chatsika kwambiri moti pamwamba sichikulowa mokwanira m'ngalande yake. Kwezani mawilo onse awiri. Ngati chikugwabe, amene anayeza anadula chitseko chachifupi. Musachisiye choncho panyumba pamene pali ana, chikhoza kuwagwera.

Loko sakugwira. Ndigule wina?

Dikirani kaye. Loko wa zitsekozi ndi kangowe kamene kamakola pa kachitsulo ka pafelemu. Chitseko chikatsika ndi mamilimita atatu okha, ngoweyo imaphonya. Ndiye yambani ndi mawilo, loko pambuyo. Ambiri amachita mosemphanitsa, n'kugula loko watsopano amene sagwiranso.

Chitseko chikawongoka, pakani choko kapena lipisitiki kunsonga ya ngowe, mutseke, muone pamene yadinda. Kachitsulo ka pafelemu kali ndi mabowo aatali, masulani ma screw pang'ono, mukasunthire m'mwamba kapena m'munsi, mumange. Maloko ena alinso ndi screw yaing'ono kutsogolo yotalikitsira ngowe.

Chimene chimapha maloko ambiri ndi kumenyetsa chitseko ngowe ili kunja. Ikapindika kapena kuthyoka, palibe kuwotcherera, n'kugula wina. Yezani mtunda wa pakati pa mabowo a ma screw a chogwirira, kapena mungomutenga yense. Kiyi akamalimba, palani mtovu wa pensulo muuzire m'bowo. Oyilo m'menemo amangoitana fumbi. Chogwirira chikamagwedera, mangani lero. Chimagwedera chifukwa chokokedwa mwamphamvu, kutanthauza kuti vuto lenileni lili pansi.

Anthu amati akuba amangochinyamula n'kuchichotsa. N'zoona?

N'zoona, pa chitseko chimene sichinatetezedwe. Njira imene ndafotokoza yochotsera chitseko ija, wakuba amaidziwanso, ndipo iye amagwiritsa ntchito chitsulo chochotsera matayala. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Tsegulani chitseko, mumange ma screw awiri kapena atatu m'ngalande ya pamwamba, mitu yake itsale yotuluka moti chitseko chizidutsa pansi pake osakhudza koma chisathe kunyamuka.

Chachiwiri, dulani mpini wa tsache kapena paipi molingana ndi ngalande imene imatsala chitseko chikatsekedwa, muzigoneka m'menemo usiku. Izi zimatheka ngati mbali yoyendayo ili mkati mwa nyumba. Ikakhala kunja, ikani loko wachiwiri wa kachitsulo kolowa m'bowo lobooledwa pafelemu. Pobowola, dziwani pamene galasi lathera mkati mwa felemu. Mukangolikhudza ndi chobowolera, lonse limayoyoka.

Galasi ndi galasi basi, mwala umaliswa. N'chifukwa chake ambiri amaika geti lachitsulo lopindika mkati. Mukatero, kiyi wake azikhala pamalo amene aliyense m'nyumba akuwadziwa, moto ukabuka usiku musadzatsekeredwe. Ndipo owotcherera akabwera, aphimbe galasi ndi bolodi. Nthethe za moto wawo zimamira m'galasi n'kusiya timadontho takuda tosachoka.

Mvula ikagwa madzi akulowa pabalaza. Nditseke ndi silikoni?

Osati musanadziwe kumene akudzera. Ngalande ya pansi inapangidwa kuti izilandira madzi otsika pagalasi n'kuwatulutsira kunja kudzera m'timabowo tating'ono ta kutsogolo kwa felemu. Kuona madzi m'ngalande pa mvula yamkuntho si vuto. Vuto ndi pamene sakutuluka. Thirani kapu ya madzi m'ngalandemo, mutuluke panja mukaone. Akapanda kutuluka, tokosani timabowoto ndi kawaya.

Nthawi zambiri ndimapeza kuti timabowoto tinatsekedwa ndi anthu. Wopaka pulasitala anatimata, kapena woika matailosi anakweza khonde mpaka kutikwirira, kapena mwini nyumba anationa ngati polowera nyerere n'kutitseka ndi silikoni. Kunyumba ina ndinapeza felemu yonse itaikidwa chagada, mabowo akuloza pabalaza, ndipo mayi a m'nyumba anali atatha dzinja lathunthu akuyala matawulo. Onaninso khonde ndi levulo: liyenera kutsetserekera kubwalo. Likatsetserekera kunyumba, palibe chimene mungachite pachitseko, n'kukonza khondelo.

Madzi akamadzera pakati pa felemu ndi khoma, pamenepo ndiye pofunika silikoni. Palani wakale yense, pouma bwino, mumate kunja. Gulani wolembedwa kuti neutral cure. Uja wonunkha ngati viniga sagwira bwino pa simenti.

Fumbi, mphepo ndi udzudzu zikulowa chitseko chili chotseka. Komanso chimagwedera kukawomba mphepo.

M'mphepete mwa chitseko, ndiponso pamene mbali ziwirizo zimakumana pakati, muli kalamba kaubweya kolowetsedwa m'kangalande. Dzuwa ndi kukhulana zimakadya mpaka kutsala pulasitiki yokha. Kamagulitsidwa pa mita. Solorani kakale, mudule kachidutswa mupite nako kusitolo, chifukwa m'lifupi mwake ndi kutalika kwa ubweya zimasiyana. Mukagula kaubweya wautali kwambiri, chitseko chimalimba. Labala amene amagwira galasi m'felemu nayenso amafota n'kusiya mipata m'makona, galasi n'kumalira. Amasinthika chimodzimodzi.

Za udzudzu ndiye nkhani ya malungo, osati yokongoletsa nyumba. Ngati mumakonda kutsegula khomo madzulo nyengo yotentha, ikitsani chitseko chachiwiri cha sefa choyenda pa njanji yakeyake. Sefa ikang'ambika, amasolola kachingwe kalabala ka m'mbali, kuyala ina n'kukanikiziranso kachingweko.

Galasi lasweka. Ndingaike lililonse?

Ayi, ndipo apa sindinyengerera. Galasi wamba la mawindo likasweka limapanga zidutswa zazitali zakuthwa ngati zikwanje. Mwana wothamanga kuchokera pabwalo, osaona kuti khomo n'lotseka, amalowa nalo ndi nkhope ndi manja. Pachitseko pamafunika limodzi mwa magalasi awiri. Loyamba ndi toughened, limene amaliwotcha kupitirira madigiri 600 n'kuliziziritsa mwadzidzidzi. Limalimba kanayi kapena kasanu kuposa wamba, ndipo likasweka limayoyoka timibulu ngati chimanga chokonola. Lachiwiri ndi laminated, magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, ngati la kutsogolo kwa galimoto. Lodziwika kwambiri ndi la mamilimita 6.38, ndiye kuti 3 uku, 3 uku, ndi 0.38 ya pulasitiki. Likasweka limang'aluka koma zidutswa zimakhala zogwirana, ndipo wakuba amavutika nalo. Ku South Africa malamulo a zomangamanga a SANS 10400 gawo N amalamula galasi lotetezeka pa zitseko zotere, n'chifukwa chake zochokera kumeneko zimakhala ndi kachidindo pakona ya galasi. Yang'anani panu. Ngati palibe, funsani amene anakuikirani.

Toughened silidulika likapangidwa. Munthu akakuuzani kuti akudulirani pomwepo pa saizi yanu, limenelo si toughened. Loona amaliyeza, kuitanitsa, n'kudikira. Podikirapo tsekani ndi bolodi. Ndipo matani timapepa tokongoletsa pagalasi, pa msinkhu wa maso a mwana ndi a wamkulu, kuti lizioneka.

Lathu linaphulika lokha usiku popanda woligenda. Kodi si zamatsenga?

Funsoli ndinafunsidwapo monong'ona. Toughened limakhala lokokana mkati mwake nthawi zonse. Pakati ndi lolimba, koma m'mphepete ndi losachedwa kupsa mtima. Likabanthuka pang'ono pakona tsiku loika, kapena likamakhudza screw kapena aluminiyamu popanda labala pakati, limatha kukhala miyezi kenako n'kuphulika tsiku limene kwatentha masana n'kuzizira usiku. Nthawi zina chochititsa ndi kachitsotso ka nickel sulphide kamene kanatsalira mkati popanga, kosaoneka ndi maso, kamene kamafufuma pang'onopang'ono. Woika latsopano aonetsetse kuti lakhala pa timalabala take.

Galasi likuchita nthunzi.

Ngati ikupukutika ndi nsalu, ndi mpweya wa m'nyumba umene wakumana ndi galasi lozizira, monga zimachitikira ku Dedza ndi ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi. Tsegulani windo pang'ono. Abale amene muli ku Britain, zitseko zanu zambiri ndi za magalasi awiri okhala ndi mpweya pakati. Nthunzi ikalowa pakatipo, chomatira cha m'mbali chafa, ndipo sipukutika. Amasintha magalasi awiriwo monga chinthu chimodzi, felemu n'kutsala. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, auzeni eni ake.

Pafelemu pali simenti youma, pagalasi pali madontho oyera.

Simenti yaiwisi imawotcha aluminiyamu, ndipo banga lake silichoka. Ngati mukumanga, musalole kuti chitseko chiikidwe pulasitala asanathe. Chikaikidwa kale, chikutidwe ndi pulasitiki. Yomwe yauma kale inyowetseni ndi nsalu yamadzi kwa kanthawi, muibanthule ndi kathabwa. Asidi uja otsukira matailosi asayandikire, ngakhalenso waya wokwechera mapoto. Madontho oyera ndi mchere wa m'madzi, makamaka a pamjigo kapena othirira kapinga. Sakanizani viniga ndi madzi muyezo wofanana, pakani, dikirani mphindi zingapo, mutsukuluze bwino osasiya viniga pafelemu.

Zonsezi ndachita, mawilo ndi atsopano, koma chikafika pakati chikumagwira.

Apa vuto lachoka pachitseko, lapita kunyumba. Tengani tepi muyeze kuchokera pa njanji kufika kungalande ya pamwamba malo atatu: kumanzere, pakati ndi kumanja. Pakati pakachepa, ndiye kuti lintala, mtanda uja wosenza khoma pamwamba pa khomo, yagonja ndipo ikutsamira felemu, kapena pansi patukuka. Felemu ya aluminiyamu sinapangidwe kuti isenze khoma. Zimachitika pa makomo aakulu a mamita atatu amene anawaikira lintala yowonda, komanso pa nyumba zomangidwa pa dothi lamakande, limene limafufuma dzinja n'kung'aluka chilimwe. Eni ake amandiuza kuti chitseko chimalimba mwezi wina n'kumasuka mwezi wina.

Yang'anani khoma pamwamba pa makona a khomo. Mukaona mng'alu wokwera chopendekera, lembani mzere ndi pensulo pamene wathera, mulembenso tsiku, mudzaonenso pakatha mwezi. Mukhoza kutsitsa mawilo kuti chitseko chiyambe chayenda, koma mng'aluwo ukapitirira mzere wanu, woyenera kuitanidwa ndi injiniya wa zomangamanga, osati ine.